Lilongwe: Mapuloti Tagawana, Nanga Njira Tasiyira Yani?

Pali mlandu umodzi umene sunazengedwepo pa msonkhano wa chipani chilichonse chiyambire ndale za matipate m'dziko muno. Andale atilonjeza feteleza wotsika mtengo, chimanga, ngongole za bizinesi, ntchito miyandamiyanda, ngakhale nsapato tidalonjezedwa. Koma sitinamvepo ndi mmodzi yemwe ataima pa nsanja ndi kunena poyera kuti likulu la dziko lino likumangidwa popanda njira. Mlandu wake ndi umenewo, ndipo popeza eni ake akuuzemba, tiuzenga ife pano.

Tikudziwa kuti wina wayamba kale kuseka. Akuti kodi wolemba ameneyu maso ake ali kunkhongo? Sakuuona msewu wodutsana pamwamba ndi pansi umene udatsegulidwa ku Area 18 mu 2020? Sadaone mitengo ikugwetsedwa mu 2021 pofuna kukulitsa msewu wa Kenyatta kuti muziyenda galimoto 6 nthawi imodzi? Zonsezo taziona, bwana. Koma imeneyo ndi misewu ya anthu amene amakhala mpando wa kumbuyo, dalaivala ali kutsogolo. Ife tikunena za njira imene imachotsa mwana pakhomo kukamufikitsa ku sukulu, mayi woyembekezera ku chipatala, mlonda ku ntchito, maliro ku manda. Njira zotere ndi zimene zikusowa, ndipo chaka chilichonse zikusowerasowera.

Tiyambe ndi chiwerengero. Pa kalembera wa 1966 Lilongwe lidali boma laling'ono la anthu osafika 20,000. Mu 1977, patangotha zaka ziwiri likulu litasamuka ku Zomba, anthu adali pafupifupi 99,000. Mu 1987 adafika 223,000, mu 1998 adakwana 440,000, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318. Apa ndiye kuti pa zaka 20 zokha anthu adachuluka kuposa kawiri. Chiwerengerochi sichiphatikiza khamu limene limagwira ntchito m'tauni koma limakagona kunja kwa malire a mzinda, monga ku Njewa, ku Likuni ndi ku Nanjiri. Anthu onsewa pogona adapapeza, kaya ndi m'nyumba ya matailosi kaya ya zidina. Koma kodi podutsa adapapeza?

MTENGO NDI UKONDE

Kuti timvane bwino, tiyerekeze zinthu ziwiri zimene Mmalawi aliyense amazidziwa: mtengo ndi ukonde wophera nsomba. Nyerere imene ili pa nsonga ya nthambi ikafuna kufika pa nsonga ya nthambi ina, ngakhale nsongazo zitatalikirana ndi chikhatho chimodzi chokha, iyenera kutsika mpaka ku thunthu ndi kukweranso. Ndipo thunthulo likaduka nthambi zonse zagwa. Ukonde suli choncho. Mfundo iliyonse imagwirana ndi zinzake mbali zinayi, ndipo chingwe chimodzi chikaduka msodzi amaponyabe ukonde wake.

Mzinda wa njira zolumikizana bwino uli ngati ukonde. Mphambano zimakhala pafupipafupi, ndipo pochoka pano kupita apo munthu amasankha pa njira zitatu kapena zinayi. Lilongwe ndi mtengo. Thunthu lake ndi msewu wa M1, umene umachokera ku Dedza, kuwoloka mtsinje wa Lilongwe ku Old Town, kudutsa pa Area 18 ndi ku Kanengo mpaka ku Lumbadzi. Nthambi zake ndi misewu yowerengeka, monga wa ku Mchinji, wa ku Likuni ndi wa ku Salima. Madera okhalamo anthu apachikidwa pa nthambizi ngati zisa za atchete: khomo lolowera ndi lomwelo lotulukira. N'chifukwa chake lole imodzi ikafa pamalo pothina, theka la mzinda limachedwa ku ntchito.

Chimene chikupweteka kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti msewu susamuka. Nyumba ya udzu imagumulidwa, pamalo pake n'kumera ya malata. Ya malata imagumulidwa, n'kumera ya nsanjika. Koma pamene padadutsa msewu pamakhala msewu mpaka kalekale. Victoria Avenue ku Blantyre akadali pomwe adamusiya atsamunda. Inu amene mudakhalako ku London mudayendapo pa Edgware Road, msewu umene ukutsatabe mzere umene adalemba Aroma zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Chimodzimodzinso pamene sipadasiyidwe msewu: pamakhala potseka mpaka zidzukulu. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Chimene tikulakwitsa lero ku Njewa adzalipira ndi ana amene sanabadwe.

ADAUJAMBULA NDANI?

Mzinda uwu sudangomera ngati bowa. Pamene Dr. Kamuzu Banda adaganiza zosamutsa likulu, boma la Britain lidakana kupereka ndalama. Amene adavomera ndi boma la tsankho la ku South Africa, limene lidapereka ngongole ya 8 miliyoni rand. Pulani yoyamba ya mu 1968 idalembedwa ndi akatswiri a komweko, a Gerke ndi a Viljoen, ndipo chaka chomwecho kudakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, CCDC mwachidule, kuti limange likululo. Maganizo ake adali a mzinda wonga munda wa maluwa: timagulu ta nyumba apa ndi apo, pakati pake mitengo, madambo ndi tchire. Mzinda udagawidwa zigawo zinayi zondondozana, Old Town, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi, pa mtunda wa makilomita oposa 20.

Inu amene mudathawira ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Lusaka, ndipo mudabwerako chikhululukiro cha 1993 chitalengezedwa, kamangidwe kameneka mudakazindikira tsiku lomwe mudatsika ndege ku Lumbadzi. Mudakaona kale kwina. Sitikunena kuti Lilongwe ndi Soweto ayi. Kuno lamulo silidagawe anthu potengera khungu. Lidawagawa potengera thumba. Mabwana ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, pa mapuloti aakulu ngati munda wa chimanga. Makalaliki a boma ku Area 18. Anthu wamba ku Kawale, ku Chilinde ndi ku Area 25. Pakati pa bwana ndi wantchito wake padaikidwa mtsinje, nkhalango kapena chigwa. Ngakhale manambala a maderawa ndi osokoneza mlendo: Area 24 ili kumwera, Area 25 ili kumpoto, ndipo woyenda pansi kuchoka kwina kupita kwinako ayambe walawira.

Mzinda wotere udajambulidwa ndi anthu a galimoto, kujambulira anzawo a galimoto, m'dziko limene anthu ake ambiri amayenda pansi. Tchimo loyamba lidali limenelo.

Koma pamene pali choona tinene. M'madera otchedwa Traditional Housing Areas, monga ku Area 25, masaveya ankayamba afika, kukhoma mabikoni, kulambula misewu, kenako munthu n'kupatsidwa puloti kuti amange monga mwa mphamvu zake. Misewu yake idali yafumbi, yokumbika, koma idalipo, ndipo ilipo mpaka lero. Ena mwa iyo adathiridwa phula patapita zaka zambiri popanda kugumula mudzi wonse. Nzeru imeneyi tidali nayo m'manja. Tidaitaya tokha.

TISANAMIZIRE AKUFA

N'kosavuta kukankhira zonse kwa Kamuzu, pakuti sangayankhe. Koma CCDC idathetsedwa mu 1984, ndipo ulamuliro wa chipani chimodzi udatha mu 1994. Nthawi imeneyo anthu a mu Lilongwe adali asanafike ndi theka lomwe la amene alipo lero. Gawo lalikulu la mzinda umene tikuuona lamangidwa mu ulamuliro wa demokalase, pansi pa maboma amene tidawasankha ife ndi chala chathu. UDF idalamulako, DPP idalamulako, PP idalawako, MCP idabwererako. Palibe chipani chimene chingasambe m'manja pa mlandu uwu.

Taonani mmene tidausamalira mzindawu. Chisankho choyamba cha makhansala m'nyengo ya matipate chidachitika mu 2000, patatha zaka 6 boma litasintha. Nthawi ya makhansala amenewo itatha mu 2005, dziko lidakhala lopanda khansala ndi mmodzi yemwe mpaka 2014. Zaka 9 zathunthu, pamene mzinda unkakula usana ndi usiku, padalibe munthu wosankhidwa ndi anthu woti n'kufunsidwa kuti, kodi njira yathu ija mwagulitsa kwa yani?

Pamwamba pa izo, malo a mu Lilongwe ali ndi eni ake ambiri. Unduna wa za malo uli ndi ake, khonsolo ya mzinda ili ndi ake, Malawi Housing Corporation ili ndi ake, makampani ali ndi awo, mafumu nawonso akugawa awo. Pakati pa onsewa pakuyendayenda madobadoba atanyamula mapepala m'chikwama. Aliyense amadula chigawo chake ngati nyama ya pa ukwati, osayang'ana kuti mnzake wadula bwanji. Msewu wa chigawo ichi umakathera pa khoma la chigawo icho.

Chifukwa chake n'chosabisika, ndipo si ufiti. Wogulitsa malo amalandira ndalama pa puloti. Pa msewu salandira kanthu. Phazi lililonse limene wasiyira njira ndi ndalama imene wataya. Choncho mfumu ya kumalire a mzinda, kampani ya mapuloti ndi dobadoba, onse maganizo awo ndi amodzi: siyani kanjira kongokwanira kuti wogula afike pa puloti yake, basi. Njira yodutsa, yopita kwa anthu ena, palibe amene angaisiye mwa kufuna kwake. Imasiyidwa pokhapokha pali wina woimira anthu onse amene akukakamiza. Ntchito ya boma ndi imeneyo, ndipo ndi ntchito imene boma lidaithawa.

Zotsatira zake zili mitundu iwiri. Kwa olemera kwadzaza mipanda ya njerwa yaitali kuposa munthu, pamwamba pake waya wamagetsi, ndipo masiku ano kwabwera midzi yathunthu yotchingidwa ndi mpanda umodzi, chipata chimodzi, mlonda pakhomo. Kanjira kamene anthu ankadutsa popita ku chigayo kapena ku tchalitchi kamangopezeka m'mawa wina katatsekedwa. Kwa osauka, ku Mtandire, ku Mgona, ku Kauma, ku Chinsapo, njira ndi mpata umene watsala pakati pa bafa la uyu ndi khitchini ya uyo. Lipoti la bungwe la UN-Habitat la mu 2011 lidati anthu 76 mwa 100 aliwonse a mu Lilongwe amakhala m'madera amene adamangidwa popanda pulani. Tsono amene tikuwatcha ongolowerera ndiwo eni mzinda.

Ndipo taonani pamene maderawa adamera. Mtandire ali pambali pa Area 47. Kauma ali kuseri kwa Area 12. Mgona wagundana ndi mafakitale a ku Kanengo. Anthuwa sadasokere. Adatsata ntchito, pakuti pulani idakonzera bwana malo, n'kuiwala womuphikira, womulondera ndi womutchetchera kapinga. Nyumba ya wantchito ndi ya bwana wake zitha kuonana madenga, koma kuti wantchitoyo afike pa geti amazungulira mtunda wautali, kuwoloka mtsinje pa miyala kapena pa mtengo wogwa.

AMALIPIRA NDANI?

Wina angati, nanga kuzungulira pang'ono kudaphapo munthu? Inde, kumapha. Moto ukabuka m'kati mwa dera lopanda msewu, galimoto yozimitsa moto imaima patali, ozimitsawo n'kumaonerera utsi pamodzi ndi ana. Mayi akayamba kudwala usiku, ambulansi siingafike pakhomo. Amamunyamula pa njinga kapena pa wilibala mpaka ku msewu waukulu, kenako ayambe kufunafuna galimoto yopita ku Bwaila. Ngakhale bokosi la maliro limatuluka mopendekeka pakati pa makoma.

Msewu sunyamula anthu okha. Paipi ya madzi imatsata msewu. Mapolo a magetsi amatsata msewu. Ngalande yotaya madzi a mvula imatsata msewu. Galimoto yotola zinyalala ndi yopopa zimbudzi zimafuna msewu. Pamene palibe msewu zonsezi sizifika, ndipo mayi amakhala pa mzere pa kiyosiki ndi chidebe kuyambira m'bandakucha. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino, udapha anthu oposa 1,700, ndipo Lilongwe adali mwa maboma amene adakhudzidwa kwambiri, mpaka sukulu za mumzindawu zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Tidauzidwa kuti tizisamba m'manja. Palibe amene adatiuza kuti dera limene galimoto yopopa chimbudzi siingalowemo lidzadwalanso. Mu 2017 madzi osefukira adawononga nyumba ku Mtandire, ndipo chaka chisanathe adachitanso chimodzimodzi cha ku Kaliyeka ndi ku Chipasula. Madzi nawo amafuna njira. Ukawatsekera amadzipangira yawo kudutsa pabalaza pako.

Amene akufuna umboni woti n'kuugwira ndi manja apite ku msika waukulu wa ku Old Town, akaone milatho ya mitengo imene anthu adakhoma okha pa mtsinje wa Lilongwe. Wowoloka aliyense amalipira. Eni milathoyo sitikuwanena. Adaona chosowa, adachikonza, akudyetsa ana awo. Koma talingalirani: pakatikati pa likulu la dziko, mayi wosenza dengu la tomato amapereka msonkho kuti awoloke mtsinje pa matabwa ogwedera, pamene bwana wa galimoto amawoloka ulere pa mlatho wa konkire umene mayi yemweyo adathandiza kulipira.

Nanga za minibasi? Popeza misewu yonse imathira m'thunthu limodzi, minibasi zambiri zimakathera ku depoti. Munthu wochoka dera lina kupita dera lina amayamba wapita kumene sakufuna, n'kulipira kawiri. Amene alibe ndalama ziwirizo amadzuka tambala woyamba, ndipo ndi iwo amene mumawaona m'mbali mwa msewu wa ku Kanengo m'mawa uliwonse, ali mdipiti ngati akupita ku maliro. Kabaza wachuluka osati chifukwa Amalawi amakonda kukwera njinga yamoto popanda chipewa, koma chifukwa ndi chokhacho chimene chimalowa m'tinjira tathu.

Ndipo inu a galimoto musaganize kuti mwapulumuka. Mtunda uliwonse wozungulira ndi mafuta, ndipo dontho lililonse la mafuta timagula kunja ndi ndalama zakunja zimene tilibe. Tidagona pa mizere ya mafuta mu 2011 ndi 2012, tidagonanso kuyambira 2022. Kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Dziko losowa madola likumanga likulu loti munthu sangagule buledi popanda kuliza injini. Kumeneko ndi kutunga madzi ndi dengu.

Apa ndi pamene pagona bodza la misewu ikuluikulu. Kunenepetsa thunthu sikusandutsa mtengo kukhala ukonde. Galimoto zonse zikakumanabe pamalo omwewo, ndipo malo atsopano aja adzadzaza pakapita zaka zochepa, monga zachitikira m'mizinda yambiri imene idayesa mankhwala amenewa. Kwa woyenda pansi, msewu wa galimoto 6 ndi mtsinje wina wofunika kuwoloka, wa ng'ona zachitsulo. Sitikuti misewu ikuluikulu ndi yoipa. Tikuti ndi denga la nyumba imene ilibe maziko.

MATENDA SI ATHU TOKHA

Mu 2020 akatswiri awiri, Christopher Barrington-Leigh wa ku Canada ndi Adam Millard-Ball wa ku America, adatulutsa kafukufuku amene adayeza misewu ya pa dziko lonse pogwiritsa ntchito mapu a pa intaneti ndi zithunzi za m'mlengalenga. Adapeza kuti mwa maiko 134 okhala ndi anthu ambiri, m'maiko 90 mwa 100 aliwonse misewu ya m'madera atsopano yakhala ikuchepa kulumikizana chiyambire 1975, chaka chomwe Lilongwe adakhala likulu. Adapezanso kuti misewu yokhotakhota ya m'midzi yotchingidwa ndi mipanda ikuchulukirachulukira. Tsono matendawa ndi a dziko lonse. Koma kusiyana kwake n'kwakuti wa ku America akatsekeredwa kuseri kwa mpanda amaliza galimoto. Wa ku Mtandire amaliza mapazi.

Mankhwala ake nawonso ndi odziwika. Mu 1811 akuluakulu a ku New York adalemba mizere ya misewu pa chilumba cha Manhattan pamene mbali yaikulu idali minda ndi zitunda, ndipo mzindawo ukuyendabe pa mizere imeneyo. Koma tisapite kutali. Inu amene mudakhala ku Dar es Salaam mukudziwa Sinza ndi Kijitonyama, madera amene m'zaka za m'ma 1970 adayamba alembedwa misewu ndi mapuloti anthu asanamange. Kafukufuku amene adatuluka mu 2021 adapeza kuti patapita zaka zambiri madera otere a ku Tanzania ali ndi nyumba zabwino kuposa madera amene adayamba adzaza anthu, boma n'kubwera pambuyo kudzakonza. Ku Ethiopia, kuyambira 2013, mizinda ya Hawassa, Adama, Bahir Dar ndi Mekelle idayamba kulemberatu misewu ikuluikulu kumene mzinda ukulowera. A UN-Habitat amalangiza kuti malo okwana 30 mwa 100 a mumzinda azisiyidwira misewu. Kodi ndi wogulitsa mapuloti uti ku Lilongwe amene amasiya ngakhale theka la zimenezo?

ZODZIKHULULUKIRA ZAWO

Adzatiuza kuti ndalama palibe. Yankho lathu ndi lakuti sitikupempha phula. Tikupempha zikhomo. Saveya, chingwe ndi mabikoni a simenti mtengo wake sungafanane ndi kilomita imodzi ya msewu wa galimoto 6. Kugula mzere wa munda wa chimanga lero ndi kotsika mtengo kwambiri kuyerekeza ndi kudzalipira chipukutamisozi cha nyumba za njerwa mawa. Phula lidzabwera ndalama zikadzapezeka, kaya ndi pakatha zaka 20. Koma malo a msewu akamangidwapo nyumba, madzi atayika, sawoleka.

Adzatiuza kuti malowo ali kunja kwa malire a mzinda, ndi a mafumu. Koma lamulo la Physical Planning Act la mu 2016 lidaika dziko lonse la Malawi pansi pa mapulani, midzi yomwe. Mphamvu zilipo. Mapepala nawo alipo: mu 2010 bungwe la JICA la ku Japan lidathandiza kulemba pulani yaikulu ya mzindawu yofika 2030, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amene adakhazikitsidwa mu 2021 amatchula kukula kwa mizinda ngati umodzi mwa mizati yake itatu. Koma kafunseni nyakwawa imene ikugulitsa mapuloti kumalire a mzinda sabata ino ngati pali wa boma amene adabwera kudzaionetsa pamene padzadutse msewu. Pulani imene ili m'kabati ku Capital Hill siletsa munthu kukumba maziko.

Adzatiuza kuti mipanda ndi ya chitetezo, akuba achuluka. Zoona, akuba alipo, ndipo palibe amene akuletsa munthu kutchinga nyumba yake. Chimene tikukana ndi kutchinga njira ya anthu onse. Ndiponso tafunsani amayi amene amaweruka madzulo kuti amaopa pati: pa msewu wa maokala, ana akusewera, anthu akudutsana, kapena mumpata wautali wa pakati pa makoma awiri opanda zenera, mmene ungakuwe mpaka mawu kutha wopanda wotsegula geti? Mpanda umateteza amene ali m'kati, n'kupereka nsembe amene ali kunja. Ndipo amene ali kunjayo ndi mlonda wanu yemwe, akubwera kudzakulonderani.

Potsiriza adzati anthuwo adakhala malo mosatsata lamulo, adziona okha. Kodi boma lidawapatsa malo ati otsata lamulo, iwo n'kukana? Munthu akabwera kuchokera ku Ntchisi kapena ku Dowa kudzafuna ganyu sangagone mumtengo podikira kuti komiti ikhale pansi.

ZIMENE TIKUFUNA

Choyamba, khonsolo ya mzinda ndi khonsolo ya boma la Lilongwe zikhale pamodzi ndi mafumu, zilembe misewu ikuluikulu mbali zonse kumene mzinda ukulowera, motalikirana pafupifupi kilomita imodzi, yopingasana ngati ukonde. Eni minda alipidwe mwachilungamo, mabikoni akhomedwe, ndipo m'mbali mwake mubzalidwe mitengo kuti ndi mwana yemwe adziwe kuti apa ndi pa msewu.

Chachiwiri, pasapezeke kampani kapena munthu wololedwa kudula mapuloti ngati misewu yake siikulumikizana ndi ya oyandikana nawo mbali zonse. Mudzi wa mpanda umene waima pa njira ya anthu usiye mpata wa oyenda pansi ndi a njinga, wotsegula usana ndi usiku.

Chachitatu, milatho ya oyenda pansi, yolimba ndi yaulere, pa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi ndi pa timitsinje tonse timene talekanitsa madera. Pa ndalama zimene zimathera pa mphambano imodzi ya galimoto mutha kutuluka milatho yotere yambirimbiri.

Chachinayi, m'madera amene adadzaza kale tisaonemo chigalimoto chogumula nyumba m'bandakucha, apolisi ali pambuyo. Anthu a m'maderawa adaonetsa kale, mothandizana ndi mabungwe monga CCODE, kuti amatha kujambula mapu a dera lawo ndi kuwerenga nyumba zawo. Akhale pansi ndi khonsolo, asankhe okha mizere ingapo yoti ambulansi ndi paipi zidutse, ndipo amene nyumba yake yakhudzidwa apatsidwe malo pafupi, osati kukatayidwa kutchire.

Chachisanu, mapu a misewu yonse imene idakonzedwa apachikidwe poyera, pa misika ndi pa maofesi a khonsolo, kuti aliyense aone. Amene adamanga pa malo a msewu adziwike, kaya ndi nduna, kaya ndi mkulu wa chipani, kaya ndi mwini sitolo. Kuba kwa malo kumakonda mdima.

Chachisanu ndi chimodzi, tisanathamangire kukadya minda ya anthu ku Mpingu, tiyambe tadzaza mabwinja amene ali m'kati mwa mzinda, kusiya madambo ndi nkhalango zoteteza mitsinje. Mapuloti amene anthu adangowasunga zaka ndi zaka podikira kuti mtengo ukwere amangidwe kapena abwezedwe. Pafupi ndi City Centre ndi ku Kanengo paloledwe nyumba zosanjikiza za anthu wamba, kuti kalaliki ndi mesenjala azifika ku ntchito wapansi.

Makhansala tili nawo tsopano, aphungu tili nawo. Akabwera ndi nsalu ndi matumba a shuga, tiwafunse funso limodzi lokha: tionetseni pa mapu pamene padzadutse msewu wa dera lino. Akayamba kukanda m'mutu, tidziwe kuti sadabwere kudzatitumikira.

Amene mudakhala m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi mukukumbukira anyamata a malaya ofiira ataima pa chipata cha msika ndi pa khomo la basi, wopanda khadi osadutsa. Pa 14 Juni 1993 tidavota kuti zimenezo zithe, ndipo gawo 39 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woyenda. Lero palibe amene akutifunsa khadi. Chimene chaima pa njira ndi khoma la njerwa, chimbudzi cha mnzathu ndi mtsinje wopanda mlatho. Anyamata aja adachoka ndi voti ya tsiku limodzi. Khoma silimva voti likamangidwa. Nthawi yolikana ndi ino, njerwa zisanaotchedwe.